Ndinathena Mphesa Ngati Fodya

Ndinapita ine, ndinapita ndithu, ndinakawatenga. Wofuna kutsutsa abwere kwathu ku Chisemphere adzaone kachitini kali pa msomali pakhonde panga, kachitini kobooka pansi ngati sefa. Ndikakayang'ana miyendo imafuna kuvina, ngakhale mawondo anakana kale.

Amuna anga anali aPhiri, bambo a Lufina. Anachoka fodya ali m'chigafa, mwana ali kumsana. Anapita pa selefu, ndiye kuti sanalembedwe ndi munthu, anangonyamuka ndi anzawo kulowera kum'mwera. Chaka choyamba kunabwera kalata ndi bulangete. Chaka chachiwiri kalata yokha. Chachitatu, zii. Mvula kubwera, mvula kupita, ine ndekha pa nazale, ndekha powokera, ndekha pothena, zala zakuda ndi utomoni wa fodya.

Tsiku lina atsibweni anga aGwaza anandiitanira pansi pa mango.

"Iwe Nabanda, mkamwini uja watchona. Mudzi uno sitisunga mkazi wa mphepo. Kuli mwamuna ku Simlemba, ali ndi ngolo, wafunsira."

"Ali ndi ngolo? Akwatire ng'ombe zakezo."

"Pakamwa pakopa mpomwe panathawitsa mwana wa eni ake."

"Ngati panawathawitsa, pomwepanso pakawaitana. Ndipatseni madzinja awiri, atsibweni. Ndikabwera ndekha, mukamuuze wa ngoloyo amange ng'ombe adzanditenge."

Atsibweni anaseka mpaka fodya wa m'mphuno anawatsamwa. "Mkazi ku Joni? Ukudziwa n'komwe kumene sitima imayang'ana?"

Sindinkadziwa. Koma ndinali ndi envulopu ya kalata yomaliza, ndipo aphunzitsi a pa sukulu anandiuza kuti malo olembedwapowo si Joni, ndi kupitirira Joni, kufupi ndi kumene dziko limathera m'madzi. Ndinaisokera m'mpendero wa chilundu. Mwayi wanga unali mayi wina, Nankhoma, amene amuna ake ankaphikira azungu ku Kepi, kumapeto kwa dziko komweko, ndipo anamutumizira mapepala. Iye anali ndi ana atatu, manja awiri. Pa ulendowo ndinayenda ngati mng'ono wake wolera ana. Lufina ndinamusiya m'manja mwa amayi anga, ali mtulo ta masana, chifukwa akanakhala maso sindikanapita.

Tinakwera lole ya Mchawa wina wa sitolo, pamwamba pa matumba a mtedza, mpaka ku Fort Jameson. Kenako Lusaka. Kenako sitima, sitima, sitima. Ana kulira, ife kuyimba. Tinadutsa dziko lopanda mtengo, nkhosa zokhazokha zikudya miyala, ndipo ndinati mumtima, aPhiri anasiya dothi lofiira la kwathu chifukwa cha izi? Koma m'mawa wina mapiri anatseguka ngati chitseko, pansi pake chigwa chobiriwira, mizere, mizere, mizere, yowongoka kuposa ya mlangizi.

Dzina lake amalemba Paarl, koma pakamwa pa eni ake limamveka Perele. Pamwamba pa tawuniyo pali mwala waukulu, wosalala ngati dazi, mvula ikaunyowetsa umanyezimira. Ndinatsikira pamenepo. Nankhoma anapitirira, akundikupizira mpango pa windo, ndipo sindinamuonenso.

Masiku atatu ndinayenda famu ndi famu, kuonetsa envulopu. Tsiku lachitatu ndinakumana ndi mayi wamfupi, wofiirira khungu, wopanda mano akutsogolo, atasenza nkhuni. Dzina lake anali Sana. Envulopu sanaiyang'ane, anayang'ana mphini za kumaso kwanga.

"Nyasa?" anatero.

Ndinagwedeza mutu. Anandigwira dzanja ngati mwana, mpaka kuseri kwa nyumba yaikulu yoyera. Belu la masana linali likulira. Amuna anali pa mzere pakhomo la nyumba yosungiramo vinyo, aliyense kachitini m'manja, kapitawo akuwathirira ndi chipande chachitsulo. Wachisanu pa mzerewo anali aPhiri. Oonda, ndevu nyankhalala, kachitini kakugwedezeka m'manja ngati tsamba.

Anandiona. Ndikunena zoona, anandiona ali pa mzere pomwepo. Koma anayamba alandira, anayamba amwa, anapukuta pakamwa, ndiye n'kubwera.

"Nabanda? Kwagwanji kumudzi? Wamwalira ndani?"

"Mwamwalira ndinu, aPhiri. Ndabwera kudzatenga maliro."

Chimene ankamwacho ankachitcha dopu. Ndi vinyo wa antchito, wofinyidwa ku masese otsala bwana akatenga wabwino. Anali mbali ya malipiro. Belu likalira m'mamawa, dopu. Dzuwa likakwera, dopu. Masana, dopu, dzuwa litapendeka, dopu, poweruka, dopu. Lamulo linali lakuti umwere pomwepo, kapitawo akuona. Famu imeneyo inalibe mpanda koma palibe ankathawa, pakuti chingwe chinali m'kati mwa khosi. M'mawa manja a aPhiri sankagwira batani la malaya kufikira belu litalira.

Ndinawapempha, ndinawanyoza, ndinawapempherera. Iwo ankangoti, "Tipita, Nabanda, tikolole kaye." Sana anandiuza ndi manja kuti mawu amenewo anawamva chaka chatha, ndi chaka chinacho.

Mphesa za pa famupo zinali zamtundu umodzi, zotchedwa Sitini. Mdzukulu wanga wa ku Lilongwe akuti masiku ano pa botolo amalemba Chenin Blanc, koma ine ndimadziwa Sitini. Mtengo wake ndi wamfupi, wofika m'bondo, chitsa chakuda chopindikapindika ngati dzanja la nkhalamba. Kumeneko nyengo inatembenuzika: mvula imagwa m'miyezi ya chisanu, ndipo nthawi imene kwathu kuli matope, kwawo kuli fumbi ndi mphepo yogwetsa zipewa. Mpesawo umakonda zomwezo. Umamwa m'chisanu, n'kupirira ludzu mpaka zipatso zitapsa. Ine ndinafika mipesa itangophuka, masamba ali anthete, ntchito yambiri, manja ochepa. N'chifukwa chake bwana, Mbunu wamtali wofiira khosi, sanafunse chitupa changa. Anangoti mkazi wa Nyasayo alowe m'munda.

Tsiku loyamba kapitawo, dzina lake Yapi, anauza aPhiri kuti andionetse ntchito. Dopu ya m'mawa inali itawalowa kale.

"Nanga n'kuonetsenji? N'chimodzimodzi kuthena fodya. Waiwala kuthena?"

"Ine kuiwala? Amene wakhala akuthena zaka zinayi zonsezi ndani?"

Anapita ku mizere yawo, ine ndinagwada pa wanga. Tsono inu a ku Kasungu mukudziwa. Pa fodya chuma ndi tsamba. Duwa ndi mdani, mphukira ndi mdani, zimaba mphamvu ya tsamba. Ukaona duwa, tsina, taya. Ndinayang'ana mpesa uja: masamba abwino, otambasuka, ndipo m'munsi mwa masambawo timaluwa tobiriwira, tating'ono, tounjikana ngati mawere. Ndinati ehe, akuba aja ndi awa. Chala chachikulu ndi cholozera zinaidziwa ntchito yake. Tsina, taya. Tsina, taya. Ndinayamba n'kuyimba komwe, nyimbo yanga yopeka ndekha:

Tsamba likule, duwa ligwe,
mwana wa eni abwerere kwawo.

Anzanga ankachotsa timphukira ta m'tsinde tokha, pang'onopang'ono, akusiya maluwa onse. Ine sindinawayang'ane, ndinkafuna kuwaonetsa kuti mkazi wa ku Kasungu sapitiriridwa m'munda. Belu lachiwiri lisanalire ndinali nditamaliza mizere itatu, yoyera bwino, pansi pali mbwee timaluwa.

Woyamba kuona anali Sana. Anagwira mutu ndi manja onse awiri, n'kukhala pansi pa dothi. Kenako Yapi. Kenako bwana pa kavalo. Anatsika, anatola kaduwa kamodzi, anakayang'ana nthawi yaitali, khosi lija likufiirabe. Pamenepo ndi pamene ndinadziwa kuti kaduwa kalikonse kanali phava la mphesa, ndi kuti ndataya vinyo wa mizere itatu ndi zala ziwiri.

Anaitanitsa aPhiri. Bwana ankalankhula Chibunu, aPhiri akundimasulira.

"Akuti ndiwe nyani."

"Zinazo?"

"Akuti akuitanira apolisi, ulibe chitupa."

Koma Yapi ananong'oneza bwana, ndipo pambuyo pake ndinamva kuti anamukumbutsa kuti pa famu yonse panalibe wodulira mipesa ngati aPhiri. Ndi zoona. Ngakhale ataledzera, sizasi ikakhala m'manja mwawo inkadziwa diso loti isiye ndi loti ichotse. Bwana anaganiza, analavula, analoza aPhiri ndi chikoti.

"Akuti wolakwa ndine, sindinakuonetse. Akuti iwe ugwira ntchito yaulere. Ine... ine ndisalandire dopu mpaka Khirisimasi."

Amuna onse amene anaima pamenepo anati haa, ngati amva kuti munthu anyongedwa. Ine ndinakoka mpango n'kuphimba kumaso, mapewa akugwedezeka. Sana anandisisita kumsana kuti ndileke kulira. Sindinkalira ine. Ndinkaseka. Chimene mapemphero anga analephera, Mbunu wachichita ndi chikoti chimodzi cholozera.

Koma kuseka kunathera pomwepo. Masabata otsatirawo anali moto. APhiri ananjenjemera, anatuluka thukuta, anasanza ndulu, ankaona nyerere pa khoma lopanda nyerere. Belu likalira ankatseka makutu. Anzawo sakanawagawira, poti aliyense ankamwera pamaso pa Yapi.

"Unabwera kudzandipha, mfiti iwe."

"Ndinakuuzani kuti ndabwera kudzatenga maliro. Tsegulani pakamwa, phala likuzizira."

Sana ankabwera ndi tiyi wofiira wa masamba a m'phiri ndi buledi wake wowotcha pa makala. Chichewa sankachidziwa, Chibunu sindinkachidziwa, koma tinkacheza mpaka nthiti kuwawa. Amuna ake a iye dopu inali itawaika kale m'manda kuseri kwa khola la akavalo. Anandionetsa mandawo tsiku lina, kenako analoza aPhiri, n'kugwedeza chala: uyu ayi.

Pang'onopang'ono manja anakhazikika. Anayamba kupempha chakudya chowonjezera. Lamlungu lina masana ndikuwameta ndevu, anafunsa ali chiweramire.

"Kodi Lufina watuluka mano angati?"

"Mano? Lufina akupita kumadzi ndi kachidebe. Akudziwa kusesa."

Kenako madzi anayamba kudontha pa bondo pawo, ndipo sanali madzi ometera. Ndinati mumtima, aPhiri anga aja ndi awa, atulukira.

Khirisimasi inayandikira, ndipo ine ndekha pa famu yonse ndinkaiopa. Mphesa zinali zitakula ngati nandolo, zolimba, zobiriwira. Anzawo anayamba kuwaseka aPhiri: masiku atsala atatu, Nyasa, tsuka chitini. Ndipo ndinawaona akuchitsukadi, ndi mchenga, mpaka kunyezimira.

Ndinawadikira amalize.

"APhiri, tamverani. Poyamba paja ndinathena mosadziwa. Tsopano ndikudziwa. Chitini chimodzi, mpesa umodzi."

"Wapenga? Akumanga. Ulibe chitupa."

"Andimange. Kumudzi atsibweni andisungira mwamuna wa ngolo wa ku Simlemba. Ndikabwerera ndekha ndine wake. Pakati pa ngolo ndi ndende, bola ndende."

"Wa ngolo uti?"

"Amene mumupatse mkazi wanu ndi mwana wanu pa mtengo wa masese."

Anaganiza kuti ndi pakamwa chabe, poti pakamwa panga ankapadziwa.

Khirisimasi itapita, belu la m'mamawa linalira. APhiri anaima pa mzere. Anzawo anawaombera m'manja. Analandira, anamwa. Ine ndinatenga sizasi yawo m'thumba la jekete, ndinapita pa mpesa woyamba wa mzere wawo, ndinadula phava lililonse, kheche, kheche, kheche. Atafika, ndinawakhuthulira m'chipewa.

"Chakudya cha m'mawa," ndinatero.

Sana anathamanga, anatola mapavawo n'kuwabisa m'epuloni, akundilalatira ndi mawu amene ndikuyamika Mulungu kuti sindinawamve. APhiri anayera milomo. Anatenga khasu, n'kuyamba kulima.

Dzuwa linakwera. Belu lachiwiri. Anaponya khasu, anayenda kulowera ku mzere wa dopu, osacheuka. Nanenso ndinanyamuka, osabisala. Ndinasankha mpesa wa kumapeto, woyang'anizana ndi khomo la vinyo, pamene Yapi akanandiona, pamene bwana ali pakhonde akanandiona. Ndinagwada. Ndinatsegula sizasi, n'kuika phava pakati pa mano ake. Ndinaganiza za Lufina, ndinaganiza za ndende ya Mabunu, ndinati Ambuye, ndafika patali, musandisiye pano. Ndiye ndinayimba, mokweza, kuti amve:

Tsamba likule, duwa ligwe,
mwana wa eni abwerere kwawo.

Mzere unkayenda. Wachitatu, wachiwiri, iwo. Yapi anathira. APhiri anayang'ana m'chitini, anayang'ana ine. Anachikweza mpaka pachibwano. Ine ndinafinya sizasi pang'ono.

Anatuluka pa mzere.

Yapi anakuwa kuti amwere pomwepo, iwo osamva. Anabwera pang'onopang'ono, chitini chodzaza, osataya n'dontho lomwe, mpaka pamene ndinagwada. Anawerama. Anathira vinyo uja pa tsinde la mpesa, yense, mpaka dothi linachita thovu.

"Imwa iwe, ndi wako," anauza mpesawo. Kenako kwa ine: "Bweretsa sizasiyo, Nabanda. Wagwira molakwika, uibunthitsa."

Poweruka anatenga msomali ndi mwala, anakhala pa chiundo, n'kuboola chitini chija pansi, gu, gu, gu. Mawa lake Yapi anaumirira kuti aliyense aime pa mzere, lamulo ndi lamulo. APhiri anaima, anatambasula dzanja. Yapi anathira, vinyo anatsika ngati mvula n'kumunyowetsa nsapato. Amuna anaseka mpaka ena kugwa. Nkhani itafika kwa bwana, akuti anangokweza mapewa: Nyasa wopenga amasunga vinyo. Kuyambira tsiku limenelo sanawaitanenso.

Sindinama, anagwa kawiri pambuyo pake, pa chitini cha mnzawo, pa phwando lotsekera kukolola. Kawiri konseko anadzuka okha, n'kundipatsa sizasi kuti ndisunge.

Kukolola kunali ntchito yothyola msana. Kutentha, madengu pa phewa, mavu kuluma, timadzi ta mphesa kumata zala ngati utomoni wa kwathu. Sitini ikapsa imasanduka yachikasu, phava lothinana, ndipo m'kamwa imayamba ngati suku n'kumalizira ngati bwemba. Pa mizere yanga itatu ija panali mapava ochepa amene zala zanga zinaphonya. Amenewo, poti analibe opikisana nawo, anatsekemera kuposa munda wonse. Tinawadya ine ndi Sana titabisala m'masamba. Ndinamuuza m'Chichewa kuti waona, kuthena si kupusa, ndipo anavomera ngati wamva.

Vinyo weniweni, wa bwana, ndinamulawa kamodzi. Sana anabwera naye kuchokera ku khitchini m'kachivindikiro ka botolo. Amati woyera koma si woyera, ali ngati udzu wofolera wouma bwino dzuwa likauwala. Fungo la gwafa ndi uchi. Ndinaviika chala, ndinaika pa lilime. Wozizira, wowawasa mokoma. Ndinati ndiye uyu amene timamufera? N'chabwino, ndamudziwa, tisiyane pomwepa.

Tinakolola kawiri. Dzinja lachiwiri likutha kwathu, tinamanga bokosi. Sana anatiperekeza mpaka pa msewu, anandipatsa mpango wake, ine ndinamupatsa chilundu chija chinasunga envulopu. Analira, ndinalira, aPhiri anayang'ana phiri.

Lole inatitsitsa pa msewu waukulu, bokosi lolemera, mudzi uli kutali. Kunatulukira ngolo. Mwini wake, mwamuna wonenepa waulemu, anavomera kutitengera katundu.

"Mukupita kwa ayani?"

"Kwa aGwaza, ku Chisemphere."

"Nanenso ndikupita komweko. Ndikukamva za mbeta yanga, akuti nthawi yakwana."

APhiri ananditsina. Ine ndinaluma mpango. Tinakwera ngolo ya ku Simlemba tonse awiri, mpaka pakhomo pa atsibweni, ine ndikuyimba njira yonse.

Atsibweni anali atadya kale tambala wa munthuyo. Anatuluka, anayang'ana ine, anayang'ana aPhiri, anayang'ana wa ngolo.

"Mkamwini, mwabwera?"

"Ndabweretsedwa, atsibweni."

Wa ngoloyo anavula chipewa, anatipatsa moni wachiwiri, anatembenuza ng'ombe zake. Anali munthu wabwino. Anakwatira msuweni wanga.

Koma mudzi sunali umene ndinausiya. Amayi maso anali atachita khungu, anandizindikira pondigwira kumaso. Munda wanga wina anali atalowamo. Ndipo Lufina, amene ndinamuyendera dziko lonselo kuti ndimubweretsere bambo, anathawira kuseri kwa nkhokwe. Ankati ndife alendo a agogo. Ine anandizolowera patapita mwezi, poti ndinkamuluka tsitsi. Bambo ake ayi. Akalowa, iye kutuluka. Anamugulira diresi, anakana. APhiri anayamba kukhala chete, maso kum'mwera, ndipo kutsidya kwa dambo kunali mayi wotcheza kachasu. Mtima wanga unayambanso kugunda ngati pa mpesa paja.

Nthawi ya nazale inafika. Mbewu ya fodya ndi yaing'ono ngati fumbi, ukathira madzi ndi ndowa imakokoloka. APhiri anatsegula bokosi, anatulutsa kachitini kaja. Anakamiza m'ndowa, anakakweza pamwamba pa bedi la nazale, madzi anagwa waa, mofewa, ngati mvula yoyamba. Lufina anali pa chulu, akuonerera. Anatsika. Anayandikira. Anayandikiranso.

"Ndiyeseko."

"Ukupempha ndani?" anatero aPhiri, osamuyang'ana.

Mwana anakanda dothi ndi chala cha kuphazi.

"Ndiyeseko, bambo."

Anamupatsa. Anamugwira dzanja kuti asakweze kwambiri. Ine ndinali kumapeto kwa bedi ndi mtolo wa udzu pamutu, ndipo ndinavina nawo mtolowo, pamatope pomwepo, anthu akuona.

APhiri anakalamba pakhonde lino, anaona zidzukulu, anagona ali ndi anthu awo pambali. Kachitini kanathirira nazale mpaka dzimbiri linakulitsa mabowo. Lufina, amene tsopano naye ali ndi imvi, amati tikataye. Ndimamuuza kuti akataye ndikapita. Ndinapita ine, ndinakawatenga, ndipo anathira pansi okha.